Adilesi ya Thandazani ku Lusaka

Thandazani Jere anagogoda kachitatu pachitseko cha amalume ake ku Kabwata, sutikesi ili pambali. Anali mlangizi wa zaulimi ku Chadiza, ndipo anabwera ku Lusaka kudzayamba digiri yachiwiri, ya mastazi, ya maphunziro a nthaka. Amalume akewo, a Edmond, anali atamulonjeza malo ogona zaka ziwiri zonse.

Anatsegula chitseko ndi a Imelda, akazi a amalumewo, chokolopera chili m'manja.

"Thandazani, wafika! Ngena, chipinda chako nakolopa kale."

"Zikomo, anti. Amalume ali kuntchito?"

A Imelda anaika chokolopera pansi.

"Sanakuuze? Ba Edmond anachoka pano mu Epulo. Akhala ku Chelstone manje, na Becky wao."

"Becky ndani?"

"Ukafunse iwo. Ine nimamvela chabe dzina."

Thandazani anakhala pasofa. Pakhoma chithunzi cha ukwati chinali chikadalipo. Asanamwe n'komwe madzi amene anamupatsa, foni inalira. Anali amalume.

"Mphwanga, uli kuti?"

"Kunyumba kwanu, ku Kabwata."

"Aa! Wapitiranji kumeneko? Bwera ku Chelstone, kuno ndi pafupi ndi sukulu yako. Ndipo zimene akuuze mayiyo usamve."

A Imelda anamva zonse.

"Yenda ngati ufuna, ni amalume ako. Ine sinili m'bale wako. Nili chabe uja anagona pansi m'chipatala milungu iwili pamene unadwala tayifodi uli mu giledi naini."

Thandazani anatuluka panja n'kuimbira amayi ake kumudzi.

"Amama, zimenezi munkazidziwa?"

"Tonse tinkadziwa. Tinaopa kuti ukamva ukana kupita kusukulu."

"Ndiye ndikhale kuti?"

"Kwa mlongo wanga, ukufunsanso? Koma Imelda usamukhumudwitse, ndi munthu wabwino uja."

Thandazani anagona ku Kabwata. M'mawa mwake ananyamuka kukaona ku Chelstone. M'tauni makondakitala anamukokera uku ndi uku, mpaka anakwera basi yolakwika n'kudzazindikira ali ku Libala. Kwa amalume anafika masana, malaya atanyowa ndi thukuta.

Njira yonse ankapemphera kuti Becky akhale munthu wamwano, kuti nkhani ithere pomwepo. Koma anapeza mayi waulemu, wamsinkhu wake womwe, amene anamugwadira pomupatsa moni. Anamuonetsa chipinda chokhala ndi matilesi atsopano ndi katebulo kowerengerapo.

"Ba Edmond akamba za imwe masiku onse," anatero Becky. "Ati ndimwe oyamba kufika pa mastazi pabanja panu."

Thandazani anabwerera ku Kabwata mutu ukuwawa.

Lolemba anaima pamzere wolembetsa ku yunivesite. Mayi wa pawindo, amene kabaji kake kanalembedwa kuti Mwango, anamubwezera fomu.

"Adilesi mwasiya, ba mastazi. Mugona mumtengo?"

Ena pamzere anaseka. Thandazani analemba Kabwata, chifukwa kumeneko n'kumene kunali sutikesi yake. Pamalo a munthu woti adziwitsidwe pakagwa vuto, analemba dzina la a Imelda. Patatsala mzere umodzi wofunsa ubale wawo, cholembera chinaima.

"Ni ndani wanu?" anafunsa a Mwango.

"Anali akazi a amalume anga."

"Anali? Manje ni ndani?"

Kumbuyo anthu anayamba kung'ung'udza. Thandazani anawerama n'kulemba kuti ndi amayi ake. A Mwango anadinda chidindo n'kuitana wotsatira.

Atangotuluka, amalume anaimbanso.

"Amalume, ine ndikhala ku Kabwata. Lamlungu ndizibwera kudzakuonani."

 Amalume anadula foni. Thandazani anaiika m'thumba, nayamba kufunsa anthu kumene amakwerera basi ya m'tauni.