Chodzutsa Makina a ku Mualadzi

Pemphero lotsegulira litatha, palibe amene anakweza maso. M'sala, chipinda cha makomputadoro cha pa parokia ya Mualadzi, munali kutentha. Vitória, amene ankaphunzitsa amayi kutayipa m'menemo, anakhala pafupi ndi chitseko, dzanja lili pa korona m'thumba.

Makina onse ankayendera Linux, mapulogalamu aulere olembedwa ndi anthu odzipereka a m'maiko ambiri. Mkangano unali pa kachigawo kamodzi, kamene kamayamba kudzuka munthu akayatsa makina, n'kudzutsa zina zonse. Kakale kankazidzutsa chimodzichimodzi, potsata malangizo amene a Hezekiya analemba okha. Katsopano, kotchedwa systemd, kamadzutsa zambiri pamodzi n'kumaziyang'anira kokha.

A Hezekiya ndiwo anayambitsa salayi atabwerako ku Zambia. Analinso apadirinyu a Vitória a pa ubatizo, ndipo anali ataneneratu kuti tsiku losintha kachigawoko ndilo tsiku lawo lochoka.

"Bambo, olemba mapulogalamu ambiri anasamukira kale ku chatsopano," anatero Castigo, mphunzitsi wa pa sukulu ya mishoni. "Ife titsale tokha m'nyumba yakale?"

"Ikudontha nyumbayo?" anafunsa a Hezekiya.

"Ikadzadontha adzafolera ndani? Malangizo anu aja mumawamva ndinu nokha."

"Ndiye phunzirani, aphunzitsi. Kapena kuwerenga munasiyira ana?"

Wina anaseka, n'kuleka msanga.

Gulu loyang'anira salayi silinkakweza manja posankha. Aliyense ankanena zake, wamkulu n'kumalizitsa, ndipo akamaliza popanda woyankha, nkhani yatha. Mawu anazungulira. Ena anali kwa Castigo, ena kwa a Hezekiya. Itafika nthawi yake, Vitória anangopukusa mutu.

A Hezekiya anaimirira. "Chinthu chimodzi chosunga makiyi a nyumba yonse sindichikhulupirira. Chakalechi ndimachitsegula, n'kuona m'kati mwake ndi maso angawa. Tikhala nacho."

Atakhala pansi, mayi Vaileti, otsogolera mapemphero, anakweza dzanja kuti atseke msonkhano ndi chizindikiro cha mtanda.

Vitória anakumbukira mwezi umene a Hezekiya anagonekedwa m'chipatala ku Tete. Makina anakana kuyaka, ndipo amayi ankabwera wapansi kuchokera kuminda n'kubwerera osaphunzira. Koma anali bambo omwewa amene anamugwira zala pomuphunzitsa kutayipa, osamukalipira ngakhale kamodzi.

"Apadirinyu," anatero.

Dzanja la mayi Vaileti linaima pamphumi.

"Pepani kuti ndalankhula pambuyo panu. Ine ndikupempha tisinthe. Mukadwala inu, salayi imadwala nanu, ndipo ndimasowa chowauza amayi aja."

A Hezekiya anatembenukira kwa iye.

"Mawu unali nawo, mwana wanga. Bwanji sunawanene pa nthawi yako?"

"Ndinachita mantha."

Nkhani inatseguka. Amene poyamba ananena mozungulira tsopano analankhula mosabisa, ndipo zinaonekeratu kuti ambiri akufuna chatsopano. A Hezekiya sanatsutsenso. Analoza komputadoro ya pakona.

"Iyo ndinagula ndekha. Ofuna chakale azindipeza kwathu."

Anazula mawaya mosathamanga, n'kuwapinda bwinobwino. Bambo wina ndi mkazi wake anaimirira n'kuwatsatira.

Panja, makinawo ankasereka pa kaliyala wa njinga ya a Hezekiya chifukwa chingwe chinali chachifupi. Castigo anamasula mphira wa pa njinga yake, n'kuyamba kumanga. Vitória anagwira mahandulo kuti njinga isagwe.

"Komputadoro yachiwiri kuchokera pakhomo imatentha," anatero a Hezekiya akuyang'ana kumsewu. "Uzitsegula zenera masana."

"Mudzabweranso, apadirinyu?"

"Kumisa tizionana."

Sanakwere. Anayamba kukankha njingayo mumsewu wafumbi, dzanja lina lili pa katunduyo. Vitória anatsala chiimire padzuwa, milomo ikuyenda, akuwapempherera ulendo wabwino.