Ngodya Yoperewera Munthu Mmodzi

Pachisankho cha chipulula ku Las Vegas, m'dziko la America, panalibe zovota mobisa. Aliyense ankakaima pangodya ya munthu amene akumufuna pa upulezidenti, anthu onse akuona, ndipo ngodya yosakwana chiwerengero chofunika inkathetsedwa, anthu ake n'kusankha ngodya ina.

A Fidencio Barragán anawerenga gulu lawo ndi chala, napeza kuti laperewera munthu mmodzi. Atakweza maso anaona akazi awo, a Eulalia, ataima pangodya ina, akadali m'yunifolomu yoyalira mabedi a m'hotela.

"Make Chayo, mwasokera!" anakuwa. "Ife a ku Mexico tili kuno. Musandichititse manyazi."

"Kunonso tilipo a ku Mexico," anayankha a Eulalia osasuntha. "Mukutiyesa mbuzi za khola limodzi?"

"Munthu wanuyo sadziwa ndi Chisipanishi chomwe! Wathuyu anadya nafe chakudya chakwathu cha tamale kutchalitchi."

"Anadya nanu. Ndinakulunga tamaleyo m'makoko a chimanga ndine, mbale ndinatsuka ndine, sanandifunse ndi dzina lomwe."

Woyendetsa chisankho anathetsa ngodya ya a Fidencio. Anadutsa holo yonse akukukuta mano, chipewa chili m'manja, nakaima pambali pa akazi awo.

"Kumbuyo, bambo," anatero a Eulalia. "Kuno mwabwera mochedwa."