Mbewa Zovala Ndolo

Bambo Boniface, amene amachita lendi kuseri kwa nyumba yanga ku Zolozolo, anaphika sukulu ya mwana wanga Esme n'kuithira mchere.

Esme ali ku yunivesite, akufuna digiri yachiwiri, ndipo ntchito yake ndi mbewa. Amatchera timisampha tachitsulo tosapha m'tchire la kumtunda kwathuku. Mbewa ikalowa amaiika pasikelo, kuiveka kandolo ka nambala kukhutu, n'kuimasula. Mwezi winawo amakaona kuti zabwerera zingati. Ine ndinalekezera sitandade sikisi, koma ndinamvetsa kuti zobwererazo ndiye mayeso akewo.

Miyezi isanu ndi iwiri zinkabwerera. Kenako zii. Mwana anasiya kudya, kumangozungulira pakhonde ndi kope lake, kulemba, kufufuta. Aphunzitsi ake akuti mwina ndi kadzidzi. Iye n'kumalembadi za kadzidzi!

Tsiku lina ndikuchapa, a Boniface atulukira ndi mbale yovundikira.

"Mayi, talawaniko. Zonona izi."

"Ife a ku Nkhata Bay timadya usipa, dada. Yewo."

Avundukulabe. Mbewa zisanu, yapamwambayo kandolo kali ng'aning'ani, nambala 43.

"Mwazitenga kuti?"

"Kutchireku. Pali waulesi wina amatchera koma sadzuka. Ine tambala akamalira ndimakhala nditafika kale."

"Nanga ndolozo simunazione?"

"Ndimayesa ndi za boma."

Akuseka! Ndinawaphimba kumaso ndi chitenje chonyowa, ndi sopo yemwe.

Esme sanalire. Anatola mbewa ija, kuitembenuza, n'kunena kuti imeneyi inabwerera kasanu. Aphunzitsi ake akuti ayambirenso mvula ikagwa, tchire lina, chaka china chathunthu. Iye akuti watopa, bola akagulitse kaunjika kumsika. Sabata yachiwiri ino sanapondeko ku yunivesite.

Malemu bambo ake ankamutcha dokotala akadali ndi mamina. Ine sindikukhazikika. Ndapita kwa a tcheyamani a m'dera lathu, akuti mbewa ilibe mwini, tingokhululukirana. Ndapita kwa akulu a mpingo, akuti tipemphere. A Boniface akundipatsabe moni, onenepa chomene.

Ndiye inu ophunzira, inu mukuwerenganu, mbewa yovekedwa nambala ndi manja a mwana wanga ilibe mwini? Nanga ndimuuze chiyani kuti abwerere kutchire? Musangondiyang'ana, ndiyankheni!