Kuseri kwa Khoma Kuli Zii

A Telala sankafuna kumva nkhani kuchokera pakamwa pa munthu wina. Mukawauza kuti kunja kukugwa mvula, ankayamba atulutsa dzanja pawindo, kenako n'kutembenuka kukuuzani inuyo kuti kunja kukugwa mvula. Akazi awo anasiya kalekale kulimbana nazo. Ankangoti, “Zikomo potidziwitsa,” uku akukung'untha ambulera yomwe alowa nayo.

Nyumba yawo inali yakumapeto pa mdadada wa nyumba za lendi, ndipo khoma la pabalaza linali limodzi ndi la a Makaniko. Khomalo linali lopyapyala moti a Makaniko akayetsemula kwawo, akazi a Telala ankayankha kuti pepani. A Makaniko anali ndi dishi padenga, yaikulu, yadzimbiri m'mbali. A Telala analibe, ndipo zinkawawawa ngakhale sankanena.

Mankhwala a bala limeneli anabwera ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, yemwe aliyense ankamutcha Kambalame chifukwa ankaimba ngakhale potsuka mano. Iye anasankhidwa kukalowa nawo mpikisano woimba wa pa kanema, ndipo asananyamuke anabweretsa kabokosi kakuda, kukula kwake ngati sopo, n'kukalumikiza kuseri kwa tivi.

“Ababa, iyi ndi tivi ya pa intaneti,” anatero. “Mukadina apa mutsegula pulogalamu, mukadina apa musankha tchanelo. Palibenso za dishi kapena kukwera padenga. Muzindionera pompa.”

Pa zonse zimene mwanayo anafotokoza, a Telala anatolapo liwu limodzi: intaneti. Iwo ankadziwa kuti intaneti ndi mphezi. Uthenga umafika kutsidya kwa nyanja chala chisanachoke pafoni. Choncho anakoleka tepi yoyezera m'khosi n'kutuluka, ndipo anapeza a Makaniko atagona pansi pa galimoto ya munthu, miyendo yokha ili kunja.

“Aneba,” analankhula ndi miyendoyo, “mbale yanu yapadenga ija itsitseni, amayi azichapiramo. Zithunzi zanu zimayamba zapita kumwamba n'kubwerera. Zathu zimabwera molunjika. Kuyambira lero mpira tiziuona ife kaye, inu muzimva kwa ife.”

Miyendo ija inangogwedeza nsapato imodzi.

Loweruka masana kunali mpira, ndipo mwatsoka amuna awiriwa ankachemerera timu imodzi. A Telala anakhala pampando wawo, rimoti ili pabondo. Pa tivi yawo mpira unali pakati pa bwalo, wosewera wina atawerama akumanga chingwe cha nsapato, pamene khoma lonse linanjenjemera.

“Chigoli!”

A Telala anayang'ana tivi. Munthu uja anali akumangabe nsapato. Kenako chithunzi chinaima, pakati pake panatulukira kagudumu koyera, n'kuyamba kuzungulira mosafulumira ngati kalibe kopita. Katatopa kanachoka, mpira unayenda, ndipo chigoli chija chinafika kwa a Telala chitazizira ngati tiyi woiwalika. Anayesa kudumpha koma thupi linakana. Munthu sudumphira chinthu chimene mnzako wachidumphira kale.

Madzulo anaimbira foni Kambalame, akulankhula monong'ona. “Ndi mmene imachitira, ababa,” mwanayo anaseka. “Ya pa intaneti imatsalira pang'ono m'mbuyo. Netiweki ikavuta imatsalira kwambiri.” A Telala analumbiritsa akazi awo kuti asauze munthu. Anaiwala kuti polumbiritsapo anali atatsamira khoma lomwe lija.

Apa ndiye a Makaniko anaonetsa kuti kukhalitsa pansi pa galimoto kumaumitsa mtima. Loweruka lotsatira anakuwa chigoli, ndipo a Telala anasendera kumapeto kwa mpando kuchidikira. Wosewera anathamanga, anamenya, mpira unakagwera kwa ogulitsa zakumwa. Kuseri kwa khoma kunamveka kuseka kwa munthu wopukuta misozi. Kuyambira pamenepo khoma linkakuwa zigoli zenizeni ndi zabodza mosakaniza, moti a Telala anasiya kuonera mpira n'kumangomvetsera njerwa. Ine ndimati kunamiza mnzako chigoli n'koipa kuposa kumubera nkhuku, koma palibe anandifunsa.

Anabwezera mmene telala angabwezere. Ovolosi ya a Makaniko itang'ambika m'khwapa, eni ake n'kubwera nayo, a Telala anaitembenuza uku ndi uku ngati dokotala, kenako anaibweza. “Makina anga amatsalira m'mbuyo, aneba. Mungachedwe.” A Makaniko anapitiriza kuivala chong'ambika, ndipo akakweza mkono kupereka moni, khwapa nalo linkapereka moni wake.

Pamene akuluakulu awiriwa ankachita zachibwanazi, Kambalame ankaimba. Sabata ndi sabata anzake ankatuluka mumpikisano iye n'kutsala, ndipo ulendo uliwonse bambo ake ankadziwira ku nthungululu za akazi a Makaniko, pa tivi yawo oweruza asanatsegule n'komwe pakamwa. Mwanayo atafika mu ndime yomaliza, a Telala anamusokera okha diresi yobiriwira, ya zipi wobisika kumsana. Anaimasula n'kuisokanso mpaka akazi awo anawabisira sizasi, n'kuitumiza pa basi.

Chimene ankafuna tsopano chinali chimodzi basi. Mwana ameneyu ankamunyamula okha paphewa kupita naye ku kwaya, kale pamene mapazi ake sankafika pansi akakhala pabenchi. Ankafuna kuti dzina la wopambana likamatchulidwa alimve okha, mtima usakudziwa kanthu. Kaya wapambana kaya wagwa, koma asauzidwe ndi khoma.

“Bambo a Kambalame, tiyeni tikangoonera kwa anebawa,” akazi awo anatero m'mawa wa tsikulo. “Mdadada wonse ukukaonera komweko. Yawo siima.”

“Ndikaonere mwana wanga pa dishi ya munthu wonamiza zigoli?”

“Ndiye pitani mukawapemphe kuti lero lokha akhale chete.”

A Telala anapitadi. Anapeza a Makaniko akusamba m'manja ndi sopo wochapira panja pa khomo lawo. Mawu opempha anakwera bwinobwino kuchokera pachifuwa, koma atafika pakhosi anakakamira.

“Aneba.”

“Aneba.”

“Oyilo wanuyu wayamba kufika pakhomo panga.”

A Makaniko anayang'ana oyiloyo, yemwe anali pamenepo chaka chonse osadandaulitsa munthu. Kenako anayang'ana a Telala, omwe maso awo sanali pa oyilo koma pa khoma. “Ndamva,” anatero. A Telala anabwerera atapsa mtima, osadziwa kuti apsera ndani.

Masana anakonzeka ngati kukubwera chimphepo. Anatseka mawindo. Anazimitsa mafoni onse n'kuwatsekera mu dilowa ya makina osokera, kuopa achibale okhala ndi madishi. Anakoka matiresi kuchipinda n'kuwaimika pakhoma. Pomaliza anatola tizidutswa ta nsalu totsala pa diresi ija n'kutitsendera m'makutu.

“Nanga nyimbo ya mwanayo muimva ndi mphuno?” akazi awo anafunsa.

“Mukuti chiyani?”

Akaziwo anawazula kansalu kamodzi n'kubwereza funso. A Telala anachotsa okha kansalu kotsalako.

Matiresi sanathandize kwenikweni. Ankamva kwa a Makaniko kukudzaza: mabenchi akukokedwa, ana akukanganirana malo, ndi mawu a mayi wogulitsa tomato, omwe akanong'oneza munthu wa pa siteji ya basi amayankha. Khoma linachita phokoso la chisangalalo pa tivi ya a Telala pakuonekabe malonda a mankhwala otsukira mano. A Telala anatsonya. Koma Kambalame atatulukira, anaiwala kutsonya. Anayamba ayang'ana mpendero wa diresi, naona kuti wagwa mowongoka, kenako anayang'ana nkhope ya mwana wawo. Mwanayo anaimba mmene ankaimbira akuchapa kuseri kwa nyumba, mosadzikakamiza, ndipo ngakhale khoma linaomba m'manja nyimbo ili pakati, a Telala anakhululuka.

Pamapeto anatsala awiri pa nsanja: Kambalame ndi mnyamata wina wamtali woimba ndi gitala. Woyendetsa mwambo anaima pakati pawo atagwira envelopu. Anaing'amba, anasolola pepala, anatsegula pakamwa.

Kagudumu kanatulukira.

Chithunzi chinaima woyendetsa mwamboyo ali kukamwa yasa, diso limodzi litatsinzina theka. Kambalame anauma atagwira dzanja la mnyamata wa gitala. Kagudumu kanazungulira pamphuno pa munthu wa envelopu, kosachita manyazi ngakhale pang'ono.

“Kuona maso a nkhono n'kudekha,” akazi a Telala anatero, iwo eni akupotokola pilo ngati akumufinya madzi.

A Telala anakweza mapewa kudikira khoma, monga munthu wodikira pama. Khomalo silinalankhule. Anadikirabe. Anaimirira, anagwetsa matiresi, anagunditsa khutu pa pulasitala. Kuseri kwa khoma kunali zii. Panalibe wotsokomola, panalibe mwana wolira, ngakhale mayi wa tomato sanamveke.

Chipinda chimenecho a Telala ankachidziwa bwino. Chinkaimba nthungululu Kambalame akangomwetulira. Akanakhala kuti wapambana, bwenzi denga litauluka pamodzi ndi dishi yake.

“Mayi a Kambalame,” anatero motsitsa mawu, “mwana wagwa.”

“Simunaone.”

“Ndamva.”

“Mwamva chiyani?”

“Palibe. N'chimene ndamvacho.”

Anakhala pansi pa matiresi aja. Chisoni chinawagwira chenicheni, cha mwana wawo yemwe pa nthawiyo, kutali uko, anali akuombera m'manja mnzake n'kumadzikakamiza kumwetulira, pamene pa tivi yawo anali akuyembekezabe. Chinawawawanso n'choti a Makaniko, munthu wa zigoli zabodza, akuwamvera chisoni mpaka kutseka pakamwa. Anayamba kukonza mawu okamuuza mwanayo, koma onse ankatuluka opindika. “Ndi diresi ija,” anatero, misozi ikutsikira pa tepi yoyezera. “Zobiriwira sizigwirizana ndi magetsi awo aja. Ndikanasoka yofiira.” Munthu yemwe sankakhulupirira za mvula asanatulutse dzanja pawindo, lero anakhulupirira khoma lomwe silinanene kalikonse.

Kagudumu kanachoka. Woyendetsa mwambo anatseka pakamwa, anatsegulanso, anakokakoka mawu mmene amachitira anthu amenewa ngati amalipidwa pozunza makolo, kenako anatchula dzina. Timapepala tonyezimira tinayamba kugwa kuchokera kudenga. Kambalame anaphimba nkhope ndi manja n'kugwada, ndipo zipi uja sanaphulike.

Chimene chinatuluka m'kamwa mwa a Telala sichinali liwu la chinenero chilichonse. Anadumpha, rimoti inauluka n'kukagwera kuseri kwa kabati, ndipo kwa kanthawi mawu awo okha ndi amene ankamveka pa mdadada wonse. Mpweya utawathera anaima akupuma wefuwefu. Pamenepo chitsulo chinagogoda pakhoma.

“Aneba, yafika?” Anali mawu a Makaniko, osasa.

“Yafika.”

“Mwaona ndi maso anu?”

“Ndaona.”

“Chabwino. Anthu inu, yambani.”

Chimene chinaphulika kuseri kwa khomalo chinagwetsa kalendala pa msomali. A Telala anatuluka panja osavala nsapato, napeza anthu akukhuthukira kunja kwa chitseko cha a Makaniko, akuvina, akukuwa zimene anazisunga. Mayi wa tomato anali atagwira mpango wonyowa umene ankauluma. Ana anali ndi maso ofiira. Pomaliza anatuluka mwini nyumba, thukuta lili kamukamu, sipanala ili m'manja.

“Intaneti yanuyi idzapha anthu,” a Makaniko anatero. “Atangogwira envelopu ndinazimitsa mawu, n'kuwauza kuti woyamba kutsegula pakamwa sadzaoneranso mpira kwanga. Ndimayesa ndi kanthawi kochepa ngati masiku onse. Amayi awa anatsala pang'ono kukomoka. Ineyo lilime ndadziluma, onani.”

A Telala sanaone lilimelo chifukwa maso anali atadzaza misozi. Mawu othokoza anakwera kuchokera pachifuwa, ndipo atafika pakhosi anakakamira pomwe panakakamira anzawo m'mawa muja. Anawongola tepi m'khosi, n'kunena chimene pakamwa pawo panazolowera.

“Aneba, Kambalame wapambana.”

A Makaniko anawayang'ana. Kenako anatong'ola maso ngati munthu amene akumva koyamba, n'kukweza manja onse m'mwamba, khwapa la ovolosi lili pululu.

“Zoona, aneba? Zikomo potidziwitsa.”

“Vulani ovolosiyo,” a Telala anatero, akupukuta m'maso ndi kansalu kobiriwira. “Ndikusokerani pompano.”