Lembani Kuti Ndachira

"Nkhwangwa mulibe? Misampha? Agalu?" anafunsa mlonda wa pachipata, uku akuwayang'ana m'manja ngati kuti galu munthu angamubise m'thumba la malaya.

"Tangobwera kudzayenda, a Paulo," anayankha Olive.

"Kudzayenda! Ha, a Stephano, mwatibweretsera chizungu cha ku Halale eti? Kuno oyenda popanda kolowera ndi azungu okha, tsiku Lamulungu. Ife tikayenda ndiye kuti kwinakwake kwapsa mowa kapena kwagwa zovuta." Anaseka yekha n'kuwatsegulira. Akanadziwa a Paulo, bwenzi atameza nthabwala yawoyo.

Malowo anali kumadzulo kwa Namitete. Kale linali dambo la aliyense, lomwetako udzu ndi kudyetsako ng'ombe. Koma m'chaka cha 1955 eni esiteti ya fodya anatseka mtsinje n'kumanga damu, ndipo nkhalango yozungulira anaiikira lamulo: osadula mtengo, osasaka, osatentha. Analambula kanjira kozungulira madzi onsewo, n'kuika mabenchi pansi pa mikuyu. Kunena zoona malowo anakongola, ndipo Olive ankadana nawo chifukwa cha kukongola komweko.

Mwamuna wake, Stephano, anali atafika dzulo lake kuchokera ku Halale, kumene anakhala zaka zitatu akuphikira mzungu. Analowa m'mudzi nkhope ili mwee, sutukesi ili paphewa, akufuula kuti, "Mwana wanga ali kuti? Bwerani nayeni ndimuone!" Anthu anangoti zyoli. Amalume ake a Olive ndiwo anamutengera kuseri kwa nkhokwe n'kumuuza kuti mwana kunalibe, ndipo sanakhaleko ndi tsiku limodzi lomwe.

Zonsezi zinachokera pa liwu limodzi. Stephano anachoka Olive ali ndi pakati pa miyezi itatu. Nthawi itakwana, mwana anabadwa wakufa. Amayi achikulire anakamuika kudambo monga amachitira ndi mtayo: kadzenje kosaya, popanda mwamuna, popanda kulira maliro. Olive anagona pamphasa mwezi wathunthu, anthu atataya kale mtima. Atadzuka anapita kwa a Jonathan, aphunzitsi amene ankalembera anthu makalata.

"Ndilembe chiyani, mayi?"

"Lembani kuti ndachira."

Iye ankanena matendawo. Koma kwathu kuno mkazi wapakati akachira ndiye kuti wabereka bwino, ndipo umu ndi mmene Stephano anamvera. Posakhalitsa kunabwera phukusi la kachipewa koluka ndi tinsapato, pamodzi ndi kalata yosefukira chimwemwe. Olive analira mpaka maso kutupa. A Jonathan anamudandaulira kuti alembe zoona, iye n'kumangoti mwezi wamawa, pakali pano lembani kuti tonse tili bwino. Mwezi wamawawo unatha zaka ziwiri ndi theka.

Tsono m'mawa umenewu Stephano anaumirira kuti akaone pamene anagona mwana wake, ngakhale kumeneko sikufika amuna. N'chifukwa chake lero mkazi ndiye anali patsogolo, mwamuna akutsatira m'mbuyo.

Kanjirako kanadzera m'mabango, kenaka pansi pa mitengo ikuluikulu yomwe nkhwangwa inaiwala. Abakha akutchire ankasambira pafupi penipeni, osaopa munthu. Anadutsa benchi ina pomwe wina anasiyapo makoko a malalanje.

"Ndi pano?" anafunsa Stephano.

"Kutsogolo."

Anawoloka kamlatho ka matabwa. Olive ankaima, kuyang'ana uku ndi uku, n'kuyambanso kuyenda. Malowo anam'lozera amayi ake kamodzi kokha, mobisa, dambo likadali dambo. Tsopano chulu chomwe ankazindikirira chinali chitamira, njira ya ng'ombe itamera tchire.

"Kodi ukudziwadi kumene ukunditengera, kapena ndi bodza linanso?"

Mawuwo anamulasa Olive. Anayenda mpaka tsidya lina la damu, kumene kanjira kanafika m'mphepete mwenimweni mwa madzi. Pamenepo anaima n'kuloza. Pakati pa madzi panatulukira nthambi zouma, akakowa atatu atatera pamenepo.

"Mukuziona nthambi izo? Unali mtengo wa katope. Ali pansi pake."

Stephano anavula chipewa. Anasendera mpaka nsapato zake za ku Halale zinalowa m'matope, koma kuchokera pomwe anaimapo kukafika panthambizo panali madzi akuya oposa msinkhu wa munthu.

"Anali mwana wanji?"

"Wamkazi. Anali ndi tsitsi lambiri. Anangondionetsa kamodzi n'kumufunditsa."

"Wamkazi," anabwereza Stephano. Kenaka anatembenuka, misozi ili mbwembwembwe. "Zaka ziwiri ndi theka, Olive! Ine ndikaona mwana wa eni ake mumsewu ndinkaima, n'kumati wanga pano wafika apa, pano akuyenda, pano akuitana amake. Anzanga ankandiseka kuti ndapenga naye mwana wosamuona. Unandipusitsiranji chonchi?"

Olive anakhala pansi pa udzu.

"Ndinalakwa, bambo, sindikukana. Ndinkaopa kuti mukamva simudzabweranso. Koma panalinso china chomwe amalume sanakuuzeni. Tsiku lija zitavuta, mwana akukanika kubwera, azimayi anandizungulira. Amvekere, 'Ulula, tchula dzina! Unayenda ndi yani?' Ine ndinalibe woti ndimutchule. Mwana atabadwa chomwecho, iwo anati, 'Basi, ngati si iwe ndiye ndi mwamuna wako. Wayenda ndi mkazi wina kumene aliko, wasempha mwanayu.' Amayi anga enieni ndiwo anayamba kunena zimenezo."

Stephano anagwetsa maso pansi, Olive n'kupitiriza.

"Ine ndinadzuka pamphasa ndili wefuwefu, ndinawakanira. Ndinati abambo akunyumba kwanga si otero, amapemphera, anandilonjeza pokwera basi. Ndinawanena amayi kuti ndi abodza, anthu akumva. Kuyambira pamenepo ine ndi amayi timangopatsana moni ngati anthu okumana pamsika. Amalume ankafuna kalata yonena za imfayo ipite pamodzi ndi mlandu wanu. Ine ndinakana kuti akuipitsireni dzina muli kutali, musanadziyankhire nokha. Ndiye ndinangokhala chete."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo nkhope yake inawalako pang'ono.

"Koma tsopano mwabwera. Masana ano akufunsani pamaso pa ankhoswe. Mukangowauza ndi pakamwa panu kuti simunatero, nkhani ithere pomwepo, manyazi awagwire iwo. Ana ena Mulungu adzatipatsa."

Stephano ankapotokola chipewa chija m'manja. Anayang'ana madzi, anayang'ana matope a kunsapato kwake, kulikonse kupatula kumene kunali mkazi wake. Kakowa mmodzi anauluka panthambi paja, n'kukatera kutsidya.

"Bambo?"

"Olive," anayamba motsitsa, "ku Halale n'kutali. Chaka choyamba chija ndinadwala chifuwa, ndinalibe ondisamala. Ndiye panali mayi wina wa pafupi, ankandiphikira phala..."

"Mwezi uti?"

"Sizinapite patali ayi. Ndinazisiya ndekha."

"Ndafunsa mwezi, bambo."

"Kukuyamba kuzizira. Mu Meyi."

Mwana anabadwa mu Juni.

Kaya chinapha mwanayo n'chimenecho kaya ayi, ndani angadziwe? Asisitere a kuchipatala anamuuzapo Olive kuti zoterezi zimangochitika, palibe amene amalakwa, ndipo mwina ankanena zoona. Koma chomwe chinamuswa mtima pamenepo si chimenecho. Ankakumbukira zaka zonse zija akutunga madzi payekha, azimayi akumunong'ona, amayi ake akudwala malungo iye osakawazonda, zonsezo pofuna kutchinjiriza dzina la munthu ameneyu. Anamva chisoni choti ngakhale kukwiya kunamukanika.

"Ndikhululukire, Olive. Tikawauza kuti sindinatero, ndani akadziwe? Tingodziwa awirife."

"Atatu," anatero Olive, maso ali panthambi zouma zija.

Anadzuka, anasasa udzu pachitenje n'kuchimanganso bwino. Stephano anatambasula dzanja kuti amugwire, koma iye anafutukira m'mbuyo.

"Inu bwererani momwe tadzeramu. Ine ndidzera uku."

"Ndikudikire pachipata?"

"Musavutike. Sutukesi yanu amalume akakutulirani kwanu ku Nsaru, ankhoswe adzakupezani komweko."

"Nanga iwe ukupita kuti?"

"Kwa amayi," anayankha Olive atayamba kale kuyenda. "Ndinawatukwana pagulu chifukwa cha inu. Ndikufuna ndikawagwadire dzuwa lisanapendeke."