Malo Khumi Kuphazi

Tiyi anawatayikira padzanja Mayi, koma anapitiriza kuthira mpaka kapu inadzaza. Khungu linayamba kutuwa. Iwo anangoliyang'ana ngati dzanja la munthu wina.

"Mwapsatu, alamu," anatero azakhali, mlongo wake wa malemu.

"Ndaona."

Linali tsiku lachitatu chiikireni maliro. Anthu anali atabalalika, mipando yobwereka itabwezedwa kwa eni ake. Pabalaza panatsala anthu anayi: Mayi, azakhali, mkulu wake wa malemu amene aliyense ankangomutchula kuti Akulu, ndi mwana mmodzi yekhayo wa m'nyumbamo, mtsikana wogwira ntchito muofesi kutali, amene bambo ake ankamutcha Kalaliki. Chikwama cha Kalaliki chinali kale pakhomo. Basi yake inali ya 2 koloko masana. Chifikireni anali asanawayang'ane mayi ake kumaso. Akafuna kanthu ankalankhula ndi khoma: "Sopo ali kuti?" "Makiyi ndaika apo."

Kuseri kwa chitseko kunali jombo za malemu, momwe anazivulira. Yakumanzere inali ndi kabowo kakuda pafupi ndi zingwe, kochepa ngati njere ya mpunga.

Akulu anapemerera tiyi wawo n'kumuika pansi osamwa.

"Ine, alamu, mkangano sindiufuna. Ndikungofunsa. Munthu mukugona naye bedi limodzi, phazi likuwola masabata awiri, inu osadziwa?"

"Ankagona ndi masokosi."

"Masokosi. Nanga mphuno zanu nazo zinavala masokosi?"

Azakhali anatsokomola kuti abise kuseka. Mayi sanamve manyazi, sanamvenso mkwiyo. Chimwalirireni mwamuna wawo, mawu a anthu ankawafika ngati akuchokera m'chipinda china. Kumaliro sanalire, ndipo anthu anaziona, anazinenanso.

Malemu anali mmisiri wowotcherera zitsulo. Mageti, mazenera, mabedi, zonse ankapangira m'kashedi ka kuseri kwa nyumba. Kachidutswa ka chitsulo chamoto kanaboola jombo, kanakakhala pansi pa zala, kakuwotcha mnofu. Munthu wina akanalumpha n'kukuwa. Iye anamaliza geti lonse, anadya, anagona. Atadzaona bala, analikulunga ndi kansanza n'kuvala sokosi. Pamene thupi linkatentha, mwendo unali utada kale. Kuchipatala anaudula, koma magazi anali ataipa. Basi, nkhani yake ndi yomweyo.

Zaka ziwiri m'mbuyomo, atamupeza ndi matenda a shuga, nesi wina wamfupi anawakhazika pansi atatu onse, bambo, mayi ndi mwana. Anajambula munthu papepala n'kumulemba mizere kuchokera kumutu.

"M'thupi muli minyewa yonyamula mauthenga, ngati nthambo za magetsi," anatero nesiyo. "Imachoka ku ubongo, imatsika m'kati mwa msana, n'kugawikana mpaka kunsonga za zala. Mukaponda msomali, phazi palokha silidziwa kanthu. Limatumiza uthenga kumutu, mutu ndiye umati mayo. Shuga amadya nthambozi, ndipo amayambira zazitali kwambiri, zopita kuzala za kumapazi. Phazi limakhalapo bwinobwino, koma uthenga sufika."

Kenako anapereka kwa Mayi kaulusi ka nayiloni, kolimba, komatidwa pakapepala kokhuthala. Anawaonetsa malo khumi paphazi. Bambo azitseka maso, Mayi azikanikiza kaulusiko mpaka kapindike, bambo azinena akamva. Kamodzi pa sabata.

"Tsiku limene adzaphonye malo atatu, ntchito ya moto aisiye, ndipo mapaziwo muziwaona tsiku ndi tsiku."

"Ndisiye moto ndizitani, anesi?" anaseka malemu. "Ndizisoka madiresi?"

Tsopano pabalaza paja Akulu anali akulankhulabe. Ankanena za akazi a masiku ano, za mng'ono wawo amene anafa ngati munthu wopanda womusamala. Mayi ankayang'ana milomo yawo ikuyenda.

"Mayi."

Anali Kalaliki. Maso ake anali pa kapu, koma mawuwo sanali a khoma.

"Ine ndinalipo tsiku lija. Anesi anakupatsani ntchito imodzi yokha. Munkawayeza?"

Mayi anadzuka. Anapita kuchipinda, anabwerako ndi kalendala ya chaka chino ndi kaulusi kaja. Kalendala anaiponya patebulo. Pa Lamlungu lililonse panali 10 wolembedwa ndi pensulo, mwezi ndi mwezi, kupatula Lamlungu limodzi lomaliza, tsiku limene malemu anati akukaika geti kwa kasitomala ndipo anabwera atatopa.

"Kulemba 10 aliyense angalembe," anatero Akulu.

"Vulani nsapato, alamu."

"Mwati?"

"Vulani nsapato. Muone mmene ndinamuphera m'bale wanu."

"Koma alamu, mapazi a achimwene," anatero azakhali. "Titsegule kaye mazenera."

Palibe anaseka. Akulu anayang'ana Kalaliki, ngati akuyembekeza kuti awaletse mayi ake. Kalaliki sanawaletse. Akulu anavula nsapato imodzi ndi sokosi, n'kusanjika phazi pakampando. Mayi anagwada. Mawondo awo anapeza okha malo awo pasimenti.

"Tsekani maso. Mukamva munene."

Anakanikiza pa chala chachikulu mpaka kaulusi kanapindika.

"Ndamva."

Pa chala chapakati.

"Ndamva."

Chala chaching'ono. Malo atatu a m'munsi mwa zala. Awiri a pakati pa phazi. Chidendene. Pamwamba. Mayi sankafulumira, sankachedwanso. Nthawi zina ankadikira pang'ono, monga anawaphunzitsira nesi, kuti munthu asalote. Akulu anayankha kakhumi, osaphonya.

"Choncho," anatero Mayi. "Lamlungu lililonse tikamaliza kudya. Zaka ziwiri. Khumi pa khumi."

Akulu anatsegula maso n'kupukusa mutu.

"Mayeso ake ndi amenewa? Alamu, awa ndi masewera. Ine phazi ndinasiya kulimvetsera pa chala chachiwiri pomwe. Ndimangodikira zibangiri zanuzo. Mukati mukanikize, zimati ngwe. Ngakhale mwendo wa tebulo ungakhoze, utakhala ndi makutu."

Ankaganiza kuti wawagwira pamenepo. Anatembenukira kwa Kalaliki kuti amuvomereze.

Koma Kalaliki ankayang'ana dzanja la mayi ake. Padzanja lamanjalo panali zibangiri ziwiri zamkuwa, zopyapyala. Mayi anakanikiza kaulusi pasimenti. Ngwe. Anakanikizanso. Ngwe. Kaphokoso kakang'ono, koti mwini wake anasiya kukamva kalekale.

"Inu simunkavala zinthu zotere," anatero Kalaliki. "Munkati zimakola zovala pochapa. Munazitenga kuti?"

Mayi anakhala pansi pasimenti pomwepo.

"Anapanga bambo ako."

"Liti?"

Mayi atayamba kulankhula, mawu awo anali osalala ngati akuwerenga chikwangwani.

"Lamlungu loyamba anaphonya malo asanu. Anati vuto ndine, sindinadziwe kayezedwe, ndikugwira kaulusi ngati ndikupha nsabwe. Anati tidzayesenso sabata yamawa. Lachitatu anandiitanira kushedi. Anati bweretsa dzanja. Anazipinda ndi waya wake wamkuwa uja, anazitsekera padzanja pomwepa ndi pulayala, kuti zisamavuke. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, munthu uja sanandigulirepo ngakhale kampango. Ndinakaonetsa azimayi onse a mumsewu muno. Ndinati bambo ake a Kalaliki ukalamba wawafewetsa."

Azakhali anagwira pakamwa.

"Lamlungu lotsatira anakhoza khumi," anatero Mayi. "Ine ndinamuombera m'manja."

Akulu anayamba kufunafuna sokosi yawo. "Ndiye kuti, eee, mwina iyeyo..."

"Musavale," anatero Kalaliki.

Anachoka pampando, anagwada pafupi ndi mayi ake. Anagwira zibangiri zonse ziwiri, n'kuzipanikiza pamkono ndi dzanja lake.

"Bambo aakulu, tsekaninso maso."

"Iwe, ine ndilibe shuga."

"Munayezetsa liti, achimwene?" anafunsa azakhali. "Amayi anafa ndi chiyani?"

Akulu anatseka maso. Mayi anakanikiza pa chala chachikulu mpaka kaulusi kanapindika. Anadikira. Anakanikiza pa chapakati, kenako pa chaching'ono. Panja galimoto inadutsa. Wogulitsa matsache anakuwa kumsewu.

"Yambanitu," anatero Akulu, maso ali chitsekere.

Mayi anapitiriza mpaka malo onse khumi. Akulu anamva pakati pa phazi, pachidendene ndi pamwamba basi.

"Anayi," anatero Mayi. "Mawa mupite kuchipatala. Muwauze akazi anu aziona mapazi anu tsiku ndi tsiku. Asakhulupirire pakamwa panu. Anthu a mtundu wanu mumanama."

Akulu anavala sokosi pang'onopang'ono, akuyang'anitsitsa zala zawo. Tiyi wawo anamusiya. Potuluka anaima pakhomo ngati akufuna kunena kanthu, koma anangoti, "Tapita, alamu." Azakhali anawatsatira, atawanyamulira chipewa.

Wotchi ya pakhoma inali itadutsa 1 koloko. Kalaliki sanaiyang'ane. Anapita kushedi, anakhalako kanthawi, anabwerako ndi pulayala yodulira ya bambo ake, yokulungidwa tepi yakuda m'zigwiriro. Anakhala pansi n'kuika dzanja la mayi ake pabondo pake. Chala chake chinakhudza pamene panapsa ndi tiyi paja. Mayi anakoka mpweya ndi mano.

"Ukundipweteka."

"Pepani, Mayi."

Anazungulitsa chibangiri kufunafuna polumikizira. Anapapeza movutikira. Nsonga ziwirizo zinakumana bwino kwambiri moti chikhadabo sichinkalowa. Anapisa chala m'kati, n'kusisita kuzungulira.

"Anapala m'kati monse," anatero. "Mulibe pokanda ngakhale pamodzi. Ntchito imeneyi inawatengera tsiku lathunthu."

"Wabodza uja," anatero Mayi. "Galu wabodza. Wandisiya ndi anthu akundiloza zala, chifukwa choopa kusiya ntchito ya moto n'kukhala pampando."

"Ndidule?"

Mayi anayang'ana zibangirizo. Anayang'ana jombo kuseri kwa chitseko.

"Dula chimodzi. Chinacho chisiye."

Kalaliki anakanikiza ndi manja onse awiri. Mkuwa unaduka. Anachikanula, anachivula, anayang'ana uku ndi uku posowa pochiika, kenako anakachiponya mu jombo yakumanzere ija. Anakankha chikwama chake ndi phazi kuchichotsa pakhomo, n'kupita kukatunga madzi ozizira a dzanja lopsalo.

Mayi anatsala okha pasimenti. Anakweza dzanja n'kuligwedeza pafupi ndi khutu. Chibangiri chotsalacho chinatsetsereka pamkono, osalira.