Chokumbira cha Mano Asanu

Nditamva kulira kwa thirakitala pageti, ndinasiya machubu amene ndinkathiramo dothi n'kutuluka mushedi. Alamu anga, akulu awo a amuna anga, anali pachiwongolero atavala magalasi akuda. Kumbuyo kwa thirakitalayo kunkalendewera chokumbira chachikulu ngati bafa, cha mano asanu.

"Alamu, chimenechi n'chiyani?"

"Mankhwala a madzi anu aja," anatero akuseka. "Pofika masana ngalande ikhala itatha. Inu kateretseni tiyi basi."

Ntchito yanga ndi ya nazale. Chaka chilichonse madzi a mvula ochokera kumsewu amasefukira mushedi momwe ndimasungira mbande, choncho ndinkafuna ngalande yodutsa pakati pa khoma la shediyo ndi mitengo isanu ndi umodzi ya mapeyala. Mitengo imeneyo ndi imene ndimadulako timphukira tomezanitsira mbande zonse zimene ndimagulitsa. Ikafa, nazale yafanso. N'chifukwa chake ndinayeza malowo ndi tepi kawiri konse, n'kulemba papepala kuti chokumbira chisapitirire masentimita makumi atatu m'lifupi. Pepalalo ndinapatsa amuna anga kuti akapereke kwa akulu awowo.

"Bambo a ana, pepala lija munapereka?"

Amuna anga anayamba kupisapisa m'matumba. Pepala linatuluka lili chipindire.

"Ndinawauza pakamwa."

"Munati chiyani?"

"Ndinati abwere ndi chokumbira."

Alamu anatsika n'kusisita chitsulocho ngati ng'ombe yawo. "Kumalo obwereketsa zida kuja zinalipo zitatu. China n'chosalazira, sichikumba kanthu. Kena n'kopapatiza ngati supuni ya mwana. Ndiye ichi. Ine ndagwira ntchito yamisewu zaka khumi ndi ziwiri, lero ndikoke kasupuni mumsewu anthu akuona?"

"Kumsewu mtengo ndi mdani wanu, mumangougwetsa. Muno mtengo ndi umene ukudyetsa ana a mng'ono wanu."

"Ndani waukhudza? Taonani pamene pali thunthu, taonaninso pamene ndikumbe. Mapazi anayi athunthu."

"Mizu ya peyala siikhala pansi pa thunthu pokha! Imayanga pamwambamwamba mpaka pamene nthambi zalekezera."

"Alamu, mizu imapita pansi. Ngakhale mwana wasukulu akuuzani."

Nthawi yomweyo pageti panaima galimoto ya munthu wina amene anaitanitsiratu mbande makumi anayi. Ndinaloza abale awiriwo ndi chala. "Musayambe kanthu mpaka ndibwere. Mwamva?" Onse anagwedeza mutu.

Ndinali nditangokweza mbande khumi ndi ziwiri pamene injini inabangula. Kenaka ndinamva phokoso limene sindidzaiwala, ngati fupa likuthyoka: thyo! Ndinasiya wogulayo ali kukamwa yasa n'kuthamanga.

Anali atatapa katatu. Pa mano a chokumbira pankalendewera muzu waukulu ngati mkono wanga, utang'ambika, mkati mwake muli mbee. Timizu ting'onoting'ono tinali mbwee pa mulu wa dothi ngati tsitsi lometedwa. Unali wa mtengo woyamba, umene umabereka kuposa yonse.

Sindikudziwa kuti ndinakwera bwanji. Ndinangopezeka ndili pambali pa mpando, injini itazima, kiyi ali m'manja mwanga.

"Iii, alamu! Mufuna kupha munthu? Makina sazimitsa choncho!"

"Ndinati chiyani ine? Ndinkalankhula ndi khoma?"

"Timangofuna tikuonetseni kuti zitheka," anatero amuna anga chapansipansi.

"Inu khalani chete! Pepala lokha linakulemerani, pakamwa ndiye papepuke lero? Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikuuthirira mtengo uwu ndi ndowa, inu mwautha ndi mphindi ziwiri!"

Alamu anavula magalasi. Anayang'ana muzuwo nthawi yaitali, kenaka anayesa kuseka. "Kamuzu kamodzi komweka? Kaphukanso."

"Mukathyoka mwendo ndidzakuuzani chimodzimodzi. Bwererani, mukatenge chopapatiza chija."

Apa abale awiriwo anayang'anizana. Amuna anga ndi amene anaulula. Akulu awowo atachikana chopapatizacho, munthu wina woika mapaipi amene anali pambuyo pawo anachitenga pomwepo. Chidzabwezedwa pakatha mlungu.

Ndinayang'ana kumwamba. Mitambo inali itayamba kale kuunjikana kuseri kwa nyumba, ndipo mlungu unali wautali kwambiri. Mushedi munali mbande zikwi ziwiri.

"Tingomaliza, alamu," anatero alamu anga mwaulemu tsopano. "Pawonongeka pawonongeka. Ndiyenda pang'onopang'ono."

"Chitsulo ichi sichitapanso dothi pafupi ndi mitengo yanga. Chikakumbe kumunsi uko, kuyambira pamene mitengo yathera mpaka kumpanda. Kumeneko ng'ambani mmene mungathere."

"Nanga pano?"

Ndinalowa m'chipinda chosungiramo zida n'kutulutsa piki, khasu ndi fosholo. Ndinaziponya pamapazi awo.

"Mamita makumi awiri. Mukapeza muzu, muzidutsa pansi pake. Kiyi ndikupatsani mukafika pa mtengo womaliza."

"Ine? Ndi msana wangawu?"

"Supuni munaikana. Idyani ndi manja."

Alamu anatukwana mvula, anatukwana woika mapaipi uja, anatukwananso mng'ono wawo. Koma anapinda mikono ya malaya n'kutola piki.

Ine ndinatenga sowo n'kutsikira m'dzenje muja. Muzu wong'ambika umawola, choncho ndinaudula bwinobwino pamene panali posawonongeka, ndinapakapo phulusa n'kukwirira ndi dothi lakuda lonyowa. Kenaka ndinakwera pamakwerero n'kuyamba kuchepetsa nthambi za mbali imeneyo, kuti mizu yotsala isalemedwe. Pa nthambi iliyonse imene inkagwa panali timapeyala tosakhwima, ndipo amuna anga ankakumba ali chiweramire, osayerekeza kudzutsa mutu.